Timachubu Tisanu ta Achemwali

Achemwali anga anabwerera kusukulu ali ndi zaka 44, ndipo ine zinandiwawa. Ndaneneratu poyamba pomwe kuti wina asadzandifunse pambuyo. Zinandiwawa ngati dzino lobooka.

Kwathu tinabadwa awiri, iwo oyamba, ine patapita zaka zitatu. Wanzeru kusukulu ndinali ine, ndipo si kudzitama, funsani aliyense amene anatidziwa. Malemu bambo athu anandipatsa dzina loti Nambawani chifukwa teremu iliyonse ndinkabwera ndi lipoti lomwelomwelo. Achemwali ankakhala chakumchira. Anabwereza makalasi mpaka ndinawapeza, tinayamba kukhala desiki imodzi. Homuweki yawo ya masamu ndinkalemba ndine, iwo n'kumandichapira yunifolomu. Kuchapa kokha ankakutha, pamenepo sindingawalande.

Koma amene anamaliza fomu 4 ndi iwo, ine ayi. Ine mimba inandipeza kutatsala miyezi inayi kuti tilembe mayeso, ndipo nkhani imeneyo tisaikambe. Iwo analemba, anakhoza mokwawa, maphunziro a sayansi atawathawa kalekale. Satifiketi yawo inali ija yoti ukaonetsa munthu amangoti "chabwino" n'kukubwezera.

Ntchito anaipeza ku labotale ya chipatala chachikulu, yotsuka magalasi. Musaganize za mawindo. Ndikunena timachubu, timabotolo, ndi timbale tagalasi timene oyeza magazi amagwiritsa ntchito. Kachipinda kawo kali kumbuyo kwenikweni: masinki awiri, zenera limodzi loyang'ana kukhoma, mashelefu oyanikapo, ndi chidebe chachikulu cha mankhwala ophera tizilombo chimene fungo lake limalowa mpaka m'tsitsi. M'menemo anakhalamo zaka 19. Lamulo la m'chipindamo ndi limodzi: kachubu kakagwira ntchito sikakhala pa benchi. Zimene zimakhala m'timachubu ta kuchipatala ndi magazi, makhololo ndi mikodzo ya anthu odwala. Mnzawo wina anadzicheka ndi kachubu ka magazi kamene kanasiyidwa pambali, anamwa mankhwala mwezi wathunthu akulira. Kuyambira pamenepo manja a Achemwali sankadikira kuuzidwa. Galasi lakuda likangooneka, lalowa kale m'madzi.

Khalidweli anapita nalo mpaka kunyumba. Alamu anga, amuna awo, amene amayendetsa lole, ankati, "Pakhomo pano tiyi timamwa titagwira kapu ndi manja awiri. Ukangoika pansi kuti ukande pamsana, wapita." Tinkaseka, Achemwali n'kumaseka nawo, kapu ili kale m'manja mwawo.

Ntchito yangayi anandiphunzitsa ndi iwo. Banja langa litatha, ana awiri ali pamsana, anamva kuti ku koleji akufuna wotsuka mu labotale ya sayansi. Anandiphunzitsa Loweruka zitatu, kugwira kaburashi, kutsukuluza katatu, kuyang'ana galasi padzuwa kuti uone ngati madzi akutsetsereka osasiya timadontho. Ndinalembedwa. Nthawi imeneyo ndinali nditakhalako zaka khumi ndi ziwiri, ndili kumbuyo kwa kalasi pa sinki, epuloni pamimba, makutu ali tcheru. Aphunzitsi a kemisitiri, amene ana anawatcha a Dontho chifukwa chokonda kukuwa kuti "Dontho limodzi! Limodzi ndati!", ndinali nditawamva akuphunzitsa zomwezomwezo kakhumi ndi kawiri. Atadwala mawa n'kundipatsa choko, ana sangadziwe kuti pasintha kanthu. Koma ndani angapereke choko kwa anti a pa sinki? Ndi mmene ana amandiitanira.

Nkhani ya sukulu inabwera Lamlungu lina masana, tili kwa Achemwali. Amayi athu amakhala kumeneko, ndiye Lamlungu ndinkapitako kukawaona. Achemwali anapukuta manja pa nsalu, n'kukhala pansi, zimene sachita kawirikawiri.

"Abwana a ku labotale andiitana," anatero. "Akuti chipatala chimatumiza wantchito mmodzi chaka chilichonse kukaphunzira zoyeza magazi. Chaka chamawa akufuna nditakhala ine."

"Inu?" ndinatero.

"Ine. Koma akuti ndiyambe ndakhoza kemisitiri, bayoloje ndi masamu. Pali kosi ya chaka chimodzi ya anthu amene analibe sayansi kusekondale. Masana ndi Loweruka. Ndipo satenga munthu wokwana zaka 45, ndiye ndi chaka chino basi. Ndikalakwa kulibe kubwereza."

"Kosi imeneyo ili kuti?"

"Kwanu konko, Nambawani."

Abale inu! M'makoleji onse a m'dziko muno, anaona kuti abwere kwa ine. Pomwepo Amayi anaseka, kuseka kwawo kuja kwa mano awiri.

"Dziko ndi lozungulira," anatero. "Wanzeru uja ali pa sinki, wochedwa uja akupita ku koleji. Bambo anu akanakhalapo akanasintha dzina."

Amayi ankangocheza, ndikudziwa. Nkhalamba zimalankhula mmene zafunira. Koma mawu amenewo anandilowa ngati minga ya pansi pa phazi, ndipo ndinayenda nayo chaka chonse. Potsanzika Achemwali anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinawauza mawu anga.

"Kukoleji simukundidziwa, inenso sindikukudziwani. Ndili pa ntchito. Sindikufuna anthu azinena kuti ndikukuberani mayeso."

"Zoona, wanena bwino," anatero. Anakhulupirira kuti ndikuwateteza. Chilungamo chake n'chakuti sindinkafuna ana aja adziwe kuti wovala choyera ndi wovala epuloni anayamwa bere limodzi. Mayina athu ndi osiyana chifukwa cha maukwati, nkhope zathu n'zosiyananso, iwo anatengera bambo. Palibe anatulukira.

Tsiku loyamba analowa mu labotale atavala chikhothi choyera chatsopano, chosita mpaka mizere kuoneka, magalasi owerengera atalendewera pachifuwa. Ine ndakhala m'chipinda chimenecho zaka zonsezi, sindinavalepo choyera. Ana a zaka 19 anayamba kutsinana. Wina anaimirira n'kuwapatsa moni poganiza kuti ndi aphunzitsi atsopano. Atakhala pa mpando wakutsogolo n'kutulutsa kope, kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinatsegula mpopi mwamphamvu kuti asamve kuti nanenso ndikuseka.

Mayeso oyamba a kemisitiri anapeza 23. Ndinaona pepala lawo pa tebulo la a Dontho ndikupukuta fumbi, ndipo Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo ndinatsuka ndikuimba nyimbo. Ndinati basi, miyezi iwiri sikwana, abwerera ku chidebe chawo.

Loweruka lotsatira madzulo anatulukira kwanga ndi buku. Anakhala pa mpando wanga wothyoka mwendo uja, n'kutsegula pa masamu a kemisitiri, aja owerengetsera kuchuluka kwa mankhwala m'madzi.

"A Dontho abwereza kawiri, koma m'mutu mwangamu simukulowa. Tandiuza iwe mmene unkandiuzira kale."

Ndinawalanda cholembera. Ndinafotokoza mwaukali, ndikugogoda pa tebulo, mphindi zisanu zokha. Kenako iwo analemba funso lina okha, pang'onopang'ono ngati akusoka, n'kulikhoza. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Iwetu ukanakhala dokotala, mwana wa amayi."

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinafuna kuwaponyera buku lomwelo. Ukanakhala! Mawu amenewo ndi a pamaliro.

"Bwanji osalembetsa nawenso?" anapitiriza.

"Ndi satifiketi iti? Mwaiwala kuti ine fomu 4 sindinalembe?"

"Ukhoza kulemba. Sukulu za masana zilipo."

"Ine ndikakhale pa desiki ndi anzake a mwana wanga? Azikanditcha agogo? Manyazi ena ndi a inu nokha, Achemwali."

Anatseka buku, anathokoza, anapita. Sanabwerenso kudzandifunsa, ndipo zimenezonso zinandikwiyitsa.

Paja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayeso achiwiri anapeza 41. Achitatu 58. Ankawerenga pa nthawi ya nkhomaliro kuchipatala, buku litatsamira pa shelefu ya timabotolo. Ankawerenga m'basi. Alamu akabwera ku ulendo ankawagwirira kope n'kumawafunsa mayina a mafupa, iwo osadziwa n'komwe katchulidwe kake. Ana aja amene ankaseka anayamba kuwaitana kuti Mami. Mami ali ndi pulasitala m'chikwama, Mami ali ndi cholembera chapadera, Mami tatiuzeni za magazi. Pa bayoloje ndiye ankachita kuwazungulira, chifukwa zimene anawo ankaziona pa chithunzi, Achemwali anali atazitsuka ndi manja zaka 19. Ine ndinali anti a pa sinki, wouzidwa kuti botolo latha madzi.

Tsiku lina a Dontho anaimitsa kalasi yonse. Achemwali anali akudonthetsa mankhwala m'botolo, dzanja lili phee, osanjenjemera.

"Bwerani muone manja a mayi awa! Dontho limodzi ndi limeneli. Manja awa ndi a mu labotale."

Zaka khumi ndi ziwiri ndawakonzera bambo amenewa mankhwala m'mawa uliwonse, osalakwitsa ngakhale kamodzi. Za manja anga sananenepo kanthu. Ndinafinya kaburashi mpaka waya unandilasa.

China chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti kalasi ikatha Achemwali ankatsuka magalasi awo, kenako a oyandikana nawo, kenako a benchi yonse. Ana a ku koleji satsuka. Ukhoza kukuwa mpaka mawu kutha, amangosiya zonse n'kuthawa. Ndiye ankati akamatuluka, "Anti, lero mwapumatu, Mami akugwirirani ntchito." Ndipo tsiku lina ndinawaona Achemwali atatenga botolo limene ine ndinatsuka, analiyang'ana pa zenera, n'kukalitsukanso mwakachetechete. Sananene kanthu. Bola akanandilalatira.

Chaka chinatha ngati madzi. Mayeso olemba anadutsa, anati ayenda bwino. Kunatsala amodzi, a kemisitiri ochita ndi manja, ndipo lamulo la koleji ndi loti ukalakwa amenewo walakwa kemisitiri yense.

Mayeso amenewa ndimawadziwa ngati chikhatho changa. Aliyense amapatsidwa timabotolo tisanu topanda mayina, timachubu tisanu, ndi kathabwa koboolaboola koimikapo timachubuto. Umathira, umadonthetsa mankhwala, umaona mtundu umene watuluka, n'kulemba pa pepala kuti m'botolomo munali chiyani. Koma pepala lokha a Dontho salikhulupirira, chifukwa mwana akhoza kusuzumira kwa mnzake n'kulemba. Ndiye nthawi ikatha amayenda benchi ndi benchi kuona timachubu ndi maso awo. Popanda timachubu palibe malikisi. Zimenezi zinalembedwa kuseri kwa pepala, pansi penipeni, m'timalemba ting'onoting'ono. A Dontho sankazinena pakamwa nthawi isanathe. Anenerenji? Chiyambire, palibe mwana anatsukapo kanthu osauzidwa.

Dzulo lake Achemwali anandiimbira foni.

"Nambawani, sindikupempha kuti undibere. Koma kodi pali chimene ndiyenera kudziwa za mawa?"

Ndinadziwa. Pomwepo m'mutu mwanga munabwera timalemba tija. Ndikanangoti, "Mukamaliza musakhudze kanthu." Mawu atatu.

"Mudziwe kuti ndi mayeso," ndinatero. "Mugone msanga."

"Zikomo, mng'ono wanga."

M'mawa mwake ndinakonza mabenchi makumi atatu. Ntchito yanga pa mayeso ndi kuima kumbuyo pafupi ndi masinki, kubweretsa china ngati chasweka, osalankhula za mayankho. Koma za zipangizo ndimaloledwa kulankhula. "Zimitsa moto uwo." "Usanunkhize." Ndanena zimenezo kambirimbiri, palibe anandiletsapo.

Achemwali anali pa benchi yachitatu kuchokera kumbuyo, kumbali ya zenera. Ndinawayang'ana ola lonse. Anagwira ntchito modekha, osayang'ana kumanja kapena kumanzere, milomo ikuyenda pang'ono ngati akupemphera. Kachubu koyamba, kachiwiri, mpaka kachisanu. Anatiimika pa kathabwa motsatana, dzuwa la pa zenera likuwala m'menemo. Ndinaona tonse bwinobwino. Mtima wanga unati thi, chifukwa ndinadziwa kuti munthu uyu wadutsa.

Kutatsala mphindi khumi, mtsikana wina kutsogolo anadzithira asidi pa mkono n'kukuwa. A Dontho anathamanga, anamugwira, anapita naye pa mpopi wa pafupi ndi bolodi, msana atatipatsa. Kalasi yonse inayang'ana kumeneko. Achemwali okha sanatembenuke. Analemba mzere womaliza, anatseka cholembera, anaika pepala pakati pa benchi. Kenako ananyamula kathabwa kaja ndi manja awiri n'kuyamba kubwera kwa ine.

Kuchokera pa benchi yawo kufika pa sinki ndi mapazi asanu ndi atatu. Ndinawerenga. Pa phazi lililonse ndikanatha kunena kuti "Tisiyeni." Ndikanatsokomola. Ndikanaima patsogolo pa sinki n'kupukusa mutu. Lilime linali m'kamwa, lamoyo, lomweli limene ndikulankhuliali. Atafika anandimwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene watula katundu, n'kutsegula mpopi.

Anakhuthula koyamba. Kachiwiri. Ndinaona mitundu ija ikusakanikirana pansi pa sinki n'kulowa m'paipi. Anatenga kaburashi kanga, anatsuka, anatsukuluza katatu, anatiimika chozondoka pa kathabwa. Timachubu tinali mbee. M'kalasi monse munalibe toyera ngati timeneto.

"Nthawi yatha!" anakuwa a Dontho akupukuta manja. "Zolembera pansi. Timachubu pa kathabwa, musakhudze, ndikubwera kudzaona."

Achemwali anali atangofika pa benchi yawo. Anayang'ana kathabwa kali m'manja mwawo. Anatembenuza pepala, anavala magalasi, anawerenga kuseri. Kenako anagwira benchi. Mnyamata woyandikana nawo anati, "Mami, mwatani?" Iwo anangoika kathabwa kaja pa benchi.

A Dontho atafika pamenepo anaima nthawi yaitali. Anatola kachubu kamodzi, anakayang'ana ngati kangabweze zimene zinalimo.

"Mayi, mwatsuka?"

"Ndatsuka, aphunzitsi."

"Chifukwa chiyani?"

"Tinali takuda."

Palibe anaseka.

Ana atatuluka, a Dontho anandiitanira m'kachipinda kosungira mankhwala n'kutseka chitseko. Ndi munthu waukali koma mtima wake ndi wabwino, zimenezo ndivomere. Anali ndi pepala la Achemwali m'manja.

"Mayi, tandithandizeni. Mayi aja alemba zonse molondola. Koma ine sindinaone timachubu tawo, ndinali ndi mwana wa asidi uja. Malamulo akuti ngati wantchito wina wa mu labotale anaona, akhoza kusaina ngati mboni, ine n'kupereka malikisi. Inu munali kumbuyo konko. Munationa?"

Mwayi wachiwiri umenewo. Mulungu anandipatsa kawiri, kuti ndisadzanene kuti zinangochitika mwadzidzidzi. Ndinayang'ana mabotolo a pa shelefu. M'maso mwanga munabwera Achemwali atavala choyera mpaka kalekale, akusaina mapepala a odwala, wina akuwatsukira. Munabwera Amayi akuuza alendo kuti mwana wanga wamkulu ndi woyeza magazi, wamng'onoyu amatsuka mabotolo. Nsanje inandigwira, ndipo ndikuitchula dzina lake lenileni, sinali china chilichonse.

"Sindinaone, aphunzitsi. Nanenso maso anali kwa mtsikana uja."

"Ngakhale pamene ankakhuthula? Munali pa sinki pomwepo."

"Ndinazindikira atamaliza kale."

Anapuma mozama. "Mayi aja alimbikira chaka chonse. Taganizani bwino."

"Ndikanaona ndikananena. Sindingasaine bodza."

Tamvani zimenezo! Sindingasaine bodza. Ndinanena ndi nkhope youma, ndipo a Dontho anagwedeza mutu n'kunena kuti amandilemekeza chifukwa cha chilungamo changa.

Anakawauza Achemwali panja kuti ayesetsa, afunsa ngakhale mayi a pa sinki, koma sanaone. Madzulo ake Achemwali anandiimbira. Ndinkaganiza kuti andifunsa. M'malo mwake ankanditonthoza ine.

"Usadandaule, Nambawani. Unali pa ntchito, sungaone zonse. Ndi manja angawa andipereka."

Zotsatira zinatuluka patatha mwezi. Bayoloje 71, masamu 60, kemisitiri walakwa. Abwana awo analemba kalata yopempha kuti awaganizire, koma yankho linali loti lamulo ndi lamulo. Patapita miyezi iwiri anakwanitsa zaka 45. Malo aja anaperekedwa kwa mtsikana wina wa ku ofesi yolandirira odwala. Chikhothi choyera Achemwali anapatsa mnzawo wa m'kalasi amene chake chinapsa ndi asidi. Lolemba lotsatira anavala epuloni n'kubwerera ku chidebe chawo.

Amayi anasiya nthabwala zija. Alamu anasiya kuseka za makapu. Ndipo ine, popeza ndayamba kunena zoona ndimalize, sabata yoyamba ndinapepukidwa. Ndinkadya bwino. Tinali tafanananso, otsuka awiri, ana a munthu mmodzi. Kenako kupepukako kunatha, kunabwera chinthu china cholemera chimene chinakhala pachifuwa osachoka. Kalasi yatsopano inabwera, ndipo mpando wakutsogolo uja sindinkafuna kuuyang'ana. Lamlungu ndinayamba kupeza zifukwa zosapitira kwawo.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi Amayi anayamba kutupa miyendo, ndipo adokotala anati akayezedwe magazi. Ndinawaperekeza ine. Atalowa m'chipinda chotengera magazi, ndinakhala pa benchi ya m'khonde, pafupi ndi chitseko cha labotale. Inali nthawi ya nkhomaliro. Achemwali anatuluka, magolovesi ali m'thumba la epuloni, anakhala pambali panga. Anali ataonda. Tinakamba za miyendo ya Amayi, za lole ya alamu imene inafa panjira. Kenako anayamba kusisita zala zawo zosuwa ndi mankhwala.

"Ukudziwa, ndayamba kuzivomereza," anatero. "Ndaganizaganiza, ndaona kuti mwina ndikanalakwabe. Kachubu kachinayi kaja. Pa pepala ndinalemba kuti kobiriwira, koma ndikamakumbukira ndimaona ngati kanali kabulawuni. Ndiye kuti ndinathira mankhwala olakwika, n'kulemba za m'buku osati zimene ndinaona. A Dontho akanaona akanandichotsera basi. Mutu wangawu unali wochedwa kuyambira kale, umadziwa iwe. Ndinangotaya nthawi ya anthu."

Mukanakhala inu mukanangoti "mwina". Ndi zimene ndinayenera kunena, nkhani n'kufera pomwepo. Koma ine munthu akalakwitsa za kemisitiri pamaso panga sinditha kupirira, ndi matenda anga. Komanso kuwamva akudzinyoza chotero, pa chinthu chimene anachikhoza, china chake m'kati mwanga chinaduka. Mpaka lero sindidziwa kuti chinatsegula pakamwa panga ndi chiti mwa ziwirizi.

"Bulawuni wa chiyani? Kanali kobiriwira ngati ndere. Bulawuniyo anali pamwamba pokha, kamzere kang'ono, chifukwa kanakhalitsa pa mpweya. Ndi mmene kamayenera kuonekera. Munathira zolondola."

Anatembenuka. "Zoona?"

"Zoona."

"Nanga tinato?"

"Koyamba koyera ngati mkaka. Kachiwiri kachikasu. Kachitatu kabuluu. Kachisanu kadzimbiri. Tonse tinali bwino."

Nkhope yawo inawala. Sindinawaonepo akusangalala chotero, ngakhale pa ukwati wawo. Anandigwira dzanja n'kulifinya, misozi ili m'maso, akuseka.

"Ndiye kuti ndinakhoza, Nambawani! Ine! Kemisitiri!"

"Munakhoza."

Anaseka kachiwiri. Kenako kusekako kunayamba kuchepa. Ndinakuona kukuchoka pang'onopang'ono, kuyambira m'maso, kutsikira pakamwa. Dzanja lawo linali likadali pa langa, koma linasiya kufinya.

"Unaona," anatero motsitsa mawu.

Ndinaweramitsa mutu.

"A Dontho anakufunsa."

"Anandifunsa kawiri."

"Ndi pamene ndinkabwera pa sinki paja, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anachotsa dzanja lawo mosamala, n'kuliika pa bondo. M'khonde munadutsa namwino akukankha wodwala pa njinga, tinabweza miyendo kuti adutse. Ndinali nditakonzeka. Ndinkafuna andimenye mbama pomwepo anthu akuona, anditchule mfiti, akauze Amayi, akauze a Dontho ndichotsedwe ntchito. Chilichonse ndikanalandira ndi manja awiri.

Anaimirira, anatulutsa magolovesi m'thumba, anavala limodzi, kenako linalo.

"Amayi akatuluka uwagwire bwino pa masitepe apo, angokolopa kumene," anatero. Analowa mu labotale, chitseko chinadzitseka chokha.

Papita zaka ziwiri tsopano. Sanauze munthu aliyense. Ndikapita kukaona Amayi amandilandira, amandifunsa za ana, amandipatsa mpando, kenako amapeza chochita kuseri. Ndimakhala pamenepo ndikudikira tsiku limene adzandilalatire. Silinafikebe.